Mwana tikubereka pa boma, koma manja omulera tinawasiya kumudzi

Loweruka lapitali ndinaswera pa mkeka ku Chankhanga, pa boma la Kasungu pompano, kuyambira cha m'ma 9 mmawa mpaka dzuwa kupendeka, tikukamba mlandu wa banja la mng'ono wanga. Ankhoswe a mbali zonse analipo, atsibweni athu anachita kulawirira pa njinga yamoto kuchokera ku Chamama, anafika fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Alamu ndi amene anaitanitsa bwalolo nde anayamba ndi iwowo. Akuti chibadwire mwana mkazi wawo anasintha, sawalandiranso akamachoka kuntchito, madzi osamba amadziikira okha, nsima imafika 9 koloko usiku, ukamufunsa kanthu kakang'ono amayankha ngati munayambana kale, ndipo zinazo (apa anayang'ana pansi) amangotembenukira kukhoma. Anamaliza ndi mawu amene amuna ambiri amamalizira, "Mwina ndi ntchitoyi ikumupatsa matama."

Atamufunsa mwini wake kuti nanga iwe ukutipo chani, mwana ali kubere, anangoti, "Atsibweni, ine ndatopa." Atsibweni anadzidzimuka, "Watopa nalo banja?" Iye, "Ayi, ndangotopa." Ndipo kwa maola atatu athunthu panalibe wamwamuna olo mmodzi pa bwalo lija amene anamvetsa kuti munthu atha kungotopa osatopa ndi munthu. Kwa iwo kutopa kuyenera kukhala ndi mwini wake, kaya ndi chibwenzi cha kuntchito, kaya ndi anzake a m'gulupu ya WhatsApp akumupotoza mutu.

Ine ndili ndi ana atatu, ndimaphunzitsa ku pulayimale, ndipo mkeka ngati umenewu ndinaukhalapo zaka zapitazo ine ndili woimbidwa mlandu. Nde ndikamamva anthu akuti ana amazimitsa chikondi, kapena akuti mkazi wa pantchito sasunga banja, ndimaona kuti tikulasa pambali. Chimene chikuphwanya mabanja athu pa boma pano ndi choti tinasamuka kumudzi titanyamula malamulo onse a kumudzi, oti iyi nja mkazi iyi nja mwamuna, koma manja amene ankamuthandiza mkaziyo tinawasiya konko.

Taganizani za amayi athu. Anabereka ana 7 ku Chamama ndipo sizinali zachilendo, kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 1992 anapeza kuti mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 tikagawa mofanana, pomwe wa 2015/16 anapeza kuti tatsika kufika pa 4.4. Nde ife a ana awiri atatu tikutoperanji kuposa iwo? Amuna amalikonda funso limeneli, "amayi anga anabereka 9 koma sankadandaula." Eya, koma amayi anuwo anali pakati pa mbumba yawo. Kwathu kuno kwa Achewa mwamuna ndi amene ankapita chikamwini, mkazi ankakhala pamudzi pa amayi ake, nyumba ya akulu ake apo, ya agogo apo, ya amayi aang'ono kuseri kwa nkhokwe, olo amene anatengedwa chitengwa ankapeza apongozi ndi alamu aakazi pabwalo lomwelo. Akabereka ankalowa m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, osagwira mthiko, osapita kuchitsime. Madzi wina atunga, phala wina aphika, matewera wina achapa. Akatuluka m'chikuta mwana ankayenda misana, mmawa ali kwa agogo, masana kwa kamlezi, madzulo kwa amayi aakulu. Sindikunena kuti unali moyo wofewa ayi, amayi athu msana unapindika ndi khasu ndi mtondo, ndipo ana ena anawaika m'manda ali makanda. Koma mayi sankatsala yekhayekha ndi khanda lolira m'nyumba ya renti yotseka geti, neba wake osamudziwa ndi dzina lomwe.

Olo nkhani ya kuchipinda ija alamu anayang'ana nayo pansi, mudzi unali ndi lamulo lake. Mwana akabadwa bambo ankadziwa kuti adikira mpaka akuluakulu atanena kuti nthawi yotenga mwana yakwana, ndipo ankamuopseza ndi mdulo, kuti akapupuluma kapena akazemba kupita kwina mwana atupa. Mutha kuseka za mdulo, inenso sindikhulupirira kuti mwana amadwala ndi zimenezo, koma onani ntchito imene chiopsezocho chinkagwira. Thupi la mayi linkapatsidwa mpata, ndipo wokana sanali iye, unali mudzi. Lero mdulo tinautaya, chabwino, koma pamalo pake sitinaikepo kanthu. Mkazi wosokedwa kumene kuchipatala, wosaona tulo, akane yekha ndi pakamwa pake, nde kukana kumeneko n'kumene kukufika kwa ankhoswe ngati mlandu.

Amayi anabwera ndithu mwana atabadwa, anakhala milungu itatu, mng'ono wanga mpaka ananenepako. Koma kumudzi kunali kusosa, nkhuku, mbuzi, adzukulu ena a mchimwene wathu, nde anakwera minibasi n'kubwerera. Ndi mmene zilili kwa tonse, agogo amabwera ngati mvula ya chizimalupsa, kunyowetsa fumbi basi.

Tsopano ndikuuzeni tsiku la mng'ono wangayu, poti ndinagonako sabata yathunthu mwana atadwala chifuwa. Ndi kashiya pa shopu ina yogulitsa feteleza ndi mbewu pa boma pompano. Mwana anabadwa mu Seputembala nde tchuthi chinatha mu Novembala, nthawi yeniyeni imene alimi a ku Santhe, kwa Wimbe, kwa Chulu, konseko amadzadza mushopu kusaka feteleza mvula isanagwe, mzere mpaka panja. Amadzuka 4 koloko. Kukoleza mbaula poti magetsi sungawadalire, madzi osamba a anthu atatu, phala la wamkulu wa ku nasale, kuchapa matewera a usiku chifukwa mapampasi anasanduka a paulendo pokha chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kenako amakhala pa kampando ka pulasitiki kukhitchini kufinyira mkaka m'kapu, nkhope itakwinyika, diso lili pa nthawi ya pafoni. 7 koloko ali pa kabaza. 12 koloko anzake akamatsegula makontena a nsima iye ali pa kabaza wina kuthamangira ku Chankhanga kukayamwitsa, chakudya chake ndi mandasi awiri odya chiimire. Tsiku lina anthu anachuluka analephera kuchoka, mkaka unayamba kuchucha pa bulauzi ali pa kauntala, makasitomala ali thothotho, anachita kubwereka juzi kwa mlonda n'kuvala kutentha kwa mu Novembala kuja mpaka kuweruka. Akaweruka, kumsika kukagula ndiwo, kuphika, kusambitsa ana, kusita kayunifolomu ndi malaya a alamu, kutsuka mbale, ndipo usiku mwana amadzuka katatu pena kanayi.

Alamu nawo amagwira ntchito, sindikuwanyoza, ndi munthu wabwinobwino, samenya, renti salipira mochedwa. Akaweruka amadutsa kaye pa anzawo kuonera mpira kapena kusewera bawo "kuti mutu upepuke", amafika 8 koloko n'kufunsa kuti nsima bwanji. Mwana akalira usiku amakoka bulangete n'kunena kuti "amake mwana, akuliratu uyu," ngati kuti amake mwanayo ali ku Mtunthama sakumva kkkk.

Nde tiyeni tiwerengere limodzi, masamu a Sitandade 4 okha ndimawatha. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, Employment Act, limati mayi apatsidwe tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 8 akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Ife a m'boma timapumako miyezi 3, koma a m'mashopu ndi m'makampani ambiri ndi masabata 8 omwewo, ndipo ngati mimba inakulemera n'kuyamba tchuthi masabata awiri usanachire, watsala ndi 6. Pomwe kusikelo anamwino amatiimbira tsiku ndi tsiku kuti mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6, osamupatsa madzi olo phala. Miyezi 6 ndi masabata 26. Chotsani 8, atsala 18. Masabata 18 amenewo boma lomwelo pakamwa pena likuti yamwitsa, pakamwa pena likuti bwerera kuntchito, ndipo wolumikiza ziwirizi ndi mayi ndi ndalama yake ya kabaza. Bungwe la za ntchito pa dziko lonse la ILO linaika mlingo wa masabata osachepera 14, ife tikadali pa 8. Ndipo wina akabwera zaka zitatu zisanakwane, poti bambo akufunitsitsa wamwamuna, tchuthi cholipidwa chija lamulo silikukakamizanso bwana kukupatsa.

Mu 2021 aphungu analisintha lamuloli. Anaikamo kuti mayi woyamwitsa azipatsidwa mphindi 30 kawiri pa tsiku zoyamwitsira mwana miyezi 6 yoyamba, komanso kuti bambo azipatsidwa tchuthi cha masabata 2 mwana akabadwa, nayenso kamodzi pa zaka 3. Ndi zabwino ndithu, tiyamike. Koma mphindi 30 zimakwanira amene mwana wake ali kuseri kwa ofesi, osati wokwera kabaza kupita kulokeshoni n'kubwerera. Ndipo tchuthi cha abambo chija tafunsani amuna a mu layini yanu kuti ndi angati akudziwa kuti chilipo. Alamu anga ankachidziwa, anachitenga, ndipo anachigwiritsa ntchito bwino kwabasi, anapita kumudzi kukayang'anira nazale ya fodya.

Kuntchito nako kuli zake. Lamulo limaletsa kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha mimba, nde mabwana ochenjera sachotsa, amangokuiwala. Kukakhala maphunziro ku Mponela kapena ku Lilongwe okhala ndi kaalawansi, "aaa uyu musiyeni ali ndi kakhanda," osakufunsa n'komwe. Ukapempha kuti mawa ndichedwa ndili ndi sikelo amakuyang'ana ngati sikeloyo unayambitsa ndiwe, pomwe bambo akapempha kamodzi kuti mwana wadwala ndikuthamangira naye kuchipatala, ofesi yonse imamutama mpaka Lachisanu. Nde mayi ali kuntchito mtima uli kunyumba, kodi mkaka uja sunasase, kodi wantchito sanamusiye yekha pabedi, akafika kunyumba mutu uli pa ndalama zimene sizinagwirizane potseka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma uyu sanachite kuwasankha mapanga awiriwo, inamusankhira ndi renti.

Kothawira kwathu tonse ndi kutenga mtsikana kumudzi. Apa ndiulule tchimo langa. Mwana wanga wachiwiri atabadwa ndinatuma uthenga, anandibweretsera kamtsikana ka achibale a patali, akuti zaka 15 koma ukakaona olo 13 kanali kasanakwane, ndipo ndinkadziwa bwinobwino kuti kulemba ntchito mwana wamng'ono chonchi n'kulakwa. Ndinalonjeza makolo ake kuti kazipita kusukulu. Kanapita temu imodzi. Ine mphunzitsi, mmawa ndikuitana mayina a ana a eni m'kalasi, kufunsa kuti uje wajomberanji, kunyumba kwanga ndasiya mwana wa mnzanga akuchapa matewera. Mudzi wonse uja, agogo, amayi aang'ono, amayi aakulu, tinaupinda n'kuusenzetsa kamwana kamodzi kogona pa mphasa kukhitchini. Ndipo sikakhalitsa, miyezi itatu kathawa kapena mwakabweza, muyambirenso kulemba m'magulupu kuti "amene akudziwa mtsikana wokhulupirika". Ukatenga wamkulu ndiye mtima uli m'mwamba tsiku lonse, nkhani zake mukuzidziwa sindichita kuzilemba.

Pang'onopang'ono anthu awiri amene ankatha mayunitsi akucheza za ziii mpaka pakati pa usiku amasanduka ngati makalaliki awiri a pa sitolo imodzi. Tatsegulani foni yanu muone mauthenga a inu ndi akunyumba a mwezi uno. "Mugule makala." "Mwana thupi latentha." "Madzi adula, simunalipire?" "Ndichedwa." Palibe anatukwana mnzake, palibe anagwidwa ndi wina, koma mkazi akusunga kaundula mumtima wa usiku uliwonse umene anadzuka yekha, mwamuna naye akusunga wake wa tsiku lililonse limene sanalandiridwe pakhomo, ndipo makaundula awiriwa amakakumana pa mkeka wa ankhoswe atanenepa kale.

Ndalama nazo zili ndi kachinyengo kake. Salale ya mayi imathera mu zinthu zosaoneka, tomato, sopo, makala, malipiro a wantchito, kabaza, fizi ya ku nasale, Likuni Phala, panado wa pakati pa usiku. Pofika pa 15 yatha ndipo palibe chimene ungaloze, nde n'kupita ku banki m'khonde kukakongola. Ya bambo imagula malata, poloti, njinga yamoto, zinthu zoti anthu akamadutsa aziti akuti aja akutukuka. Zaka 10 zikatha wina ali ndi nyumba, wina ali ndi ana onenepa ndi ngongole. Zikavuta mumamva, "nyumba ino ndinamanga ndine." Lamulo la mabanja la 2015 limauza makhoti kuti pogawa katundu aziwerengeranso ntchito za pakhomo zimene munthu anagwira, koma mabanja athu ambiri sathera kukhoti, amathera pa mkeka, ndipo malisiti a tomato palibe amene anasunga.

Mawu amene amandinyansa kwambiri ndi akuti "ndimamuthandiza". Alamu anawanena katatu Loweruka lija. "Inetu ndimamuthandiza, Lamulungu lina ndinanyamula mwana iye akuphika." Munthu umathandiza pa ntchito ya mwini wake. Umathandiza neba kukankha galimoto, umathandiza pamaliro. Mwana wako, wa dzina la agogo ako, mphuno ngati yako yomwe, ukamunyamula ukuthandiza ndani? Mawu amenewa okha akuulula kuti m'mutu mwa bamboyo mwana ndi katundu wa mayi, iye ndi mlendo wachifundo woyenera kumuombera m'manja.

Koma apa tisanamizane amayi anzanga, mlandu wina ndi wathu. Mwamuna akabereka mwana kumsana n'kutuluka naye panja oyamba kuseka ndife, "amudyetsa khuzumule ameneyo." Apongozi akabwera kudzaona chidzukulu n'kupeza mwana wawo akutsuka mbale, nkhani imafika kumudzi minibasi isanafike. Kuchilangizo ndi ku ma bridal shower timamuuza mtsikana wa digiri yake kuti mwamuna ndi mwana wako woyamba, uzimuikira madzi uzimudyetsa, nde wachiwiri akabwera, wa matewera weniweni, tikudabwa chani kuti woyamba uja wayamba nsanje? Inenso bambo a kunyumba atayesa kusambitsa mwana ulendo woyamba ndinawalanda, "mumugwetsa, bweretsani kuno," kenako chaka chonse ndinkadandaula kwa anzanga kuti sagwira mwana. Zinatengera kuti ndigonekedwe m'chipatala masiku 5 kuti ndidziwe zoti phala amatha kuphika, la mibulu ndithu koma ana anadya ndipo sanafe.

Pa bwalo paja nkhoswe wa kuchimuna anabweretsa nzeru yoti ngati ntchito ikusokoneza banja, mlamu wathuyu angoisiya alere kaye ana. Ndinafunsa kamodzi kokha, "Renti ya mwezi wa mawa mulipira ndinu, bambo?" Kunali zii. Pa boma pano ndi mabanja angati angadye salale imodzi, thumba la chimanga, makala, fizi, komanso kumudzi mbali zonse ziwiri akudikira Airtel Money ya feteleza? Amuna omwewo amene amati ntchito ikumupatsa matama ndi omwenso mwezi ukatha amafunsa monong'ona kuti "zalowa?" Mukufuna salale ya mkazi wa pa ofesi, mukufunanso utumiki wa mkazi wa pakhomo, zonse kwa munthu mmodzi wa msana umodzi. Wina akasankha yekha kukhala pakhomo ndi zake zimenezo, ndipo ndi ntchito yolemera yopanda tsiku lolandira, koma kusankha ndi kwina, kugamulidwa pa mkeka ndi kwina.

Ndikudziwa abambo ena mukuwerenga mukutukwana kale, kuti nafenso tili ndi sitiresi, mutu sukugwira ndi ngongole, maliro akagwa kumudzi bokosi akuyang'ana ife. Zoona zimenezo sindikutsutsa, ndipo ambiri mumafera mkati poti munaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Koma sitiresi yanu ili ndi kothawira, ili ndi bawo, ili ndi mpira, ili ndi botolo limodzi pa bala. Ya mkazi wanu ikafika pakhosi amangoimeza chifukwa ndiwo zikupserera.

Ndipotu ife olandira pakutha pa mwezi ndife amwayi. Pitani mumsika wa Kasungu cha m'ma 6 mmawa mukaone amayi a tomato ndi kaunjika, mwana wa milungu itatu ali kumsana, wina wagonekedwa pa katoni pansi pa benchi. Awa tchuthi cha uchembere amangochimva, tsiku losapita kumsika ndi tsiku logona ndi njala. Pitani m'zigafa nthawi yosankha fodya wopita ku Chinkhoma, mayi akusankha masamba khanda likupuma fumbi lomwelo kumsana, ndalama ikatuluka ku okushoni imalowa mu akaunti ya bambo. Lamulo lija la 2021 linathetsa utenanti m'maesiteti, koma ntchito ya mayi m'chigafa ndi yomwe ija. Amayi amenewa ndime za malamulo siziwafika, angawafike ndi munthu mmodzi yekha, amene amagona naye nyumba imodzi.

Kutopa kwina si kwa thupi lokha. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'maiko osauka ngati lathu pafupifupi mayi mmodzi mwa 5 aliwonse amene angobereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kosatha kuja. Ife tilibe dzina lake lenileni nde timawapatsa mayina ena, mwano, ulesi, matama, pena ziwanda n'kumutengera ku mapemphero a usiku wonse munthu amene chimene akusowa ndi tulo. Ine pa mwana wachitatu ndinkalowa m'bafa, kutsegula mpopi kuti ana asamve, n'kulira popanda chifukwa chimene ndikanatha kutchula. Ndinkamuyang'ana mwana wanga wokongolayo osamva kalikonse mumtima, kenako n'kumadziimba mlandu kuti ndine mayi wa mtundu wanji. Anandipulumutsa ndi namwino wina wachikulire kusikelo, atamaliza kuyeza mwana anandiyang'ana ine n'kufunsa, "Nanga amayi ake mukugona?" Chibadwire mwanayo panalibe anandifunsapo za ine, onse ankafunsa kuti akuyamwa bwanji. Ngati zikukuchitikirani kauzeni a chipatala, ndi matenda ndipo amachizika.

Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, Facebook yonse imadzadza zithunzi za amayi, zitenje zimatha m'mashopu a pa boma. Chitenje ndimachikonda musasiye kugula. Koma holide yomweyo amene amaphika mpunga wa chikondwererocho n'kukwecha mapoto ake ndi mwini tsikuyo.

Amene ndikufuna asinthe msanga ndi ankhoswe athu, asinthe mafunso. Amafunsa kuti kodi amakumenya, kodi amasiya ya ndiwo, kodi ali ndi chibwenzi, zitatuzi zikakhala bwino mlandu watha, wolakwa ndi mkazi, "banja ndi kupirira mwanawe, walira mvula walira matope." Ngati kuti mvulayo analira yekha. Loweruka lija nditaona kuti zikulowera komweko ndinapempha mwayi, ndinagwada bwinobwino poti pamaso pa atsibweni sitiyankhula chiimire, ndinati, "Atsibweni, ndiwafunseko alamu kanthu kamodzi. Alamu, usiku wathawu mwanayu anadzuka kangati?" Akuti sakudziwa. "Kabuku kake ka kusikelo kamakhala pati?" Sakudziwa. "Wamkuluyu aphunzitsi ake ku nasale ndi aamuna kapena aakazi?" Anaseka mwamanyazi. Nkhoswe wawo anati ndikuyalutsa mwamuna pagulu, ndipo mwina anali ndi mfundo, mng'ono wanga yemwe anandikodola kuti basi ndisiye.

Atsibweni, munthu wa zaka zoposa 70 amene sanachapepo thewera chibadwire, anakhala chete nthawi yaitali akusisita bondo. Kenako anati, "Mkamwini, nthawi yathu ife tinkagona tulo chifukwa apongozi athu anali maso. Tsono apongozi anu ali ku Chamama. Adzuke ndani?"

Sanagamule zambiri. Anangoti alamu azifika pakhomo dzuwa lisanalowe, wamkulu uja azimusambitsa ndi kumuperekeza ku nasale ndi iwowo, sikelo azisinthana, tidzakumanenso pakatha mwezi. Alamu anavomera ndi nkhope ya munthu amene walipitsidwa mbuzi.

Lachitatu ndikupalasa njinga kupita kusukulu ndinawaona pa msewu wa fumbi uja, cha m'ma 6:45, akumukoka dzanja wamkulu uja, kabotolo ka juwisi katatuluka m'thumba la jekete, nsapato za mwana zitavalidwa mosemphana, ya kumanzere kumanja. Azimayi a mandasi pakona paja anali atayamba kale kukodolana. Alamu anandiona n'kuyang'ana kumbali. Madzulo ake mng'ono wanga ananditumizira voice note, akuti masiku atatu onsewa afika 6 koloko, koma mwana atalira usiku anakokabe bulangete. Ndinamufunsa kuti nde unawadzutsa? Akuti ayi, anawamvera chisoni, amaoneka otopa.